A Zelifa ndi Mng'alu wa pa Mlatho

Kwa Mavwere mukafunsa kuti nyumba yozira bwino kuposa zonse ndi iti, ngakhale munthu amene samwerana madzi ndi a Zelifa adzakulozerani kwa a Zelifa, kenako n'kuyang'ana kumbali. Mayi ameneyu ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndi wamfupi, wa mikono yolimba, ndipo ali ndi matenda amodzi omwe palibe chipatala chingawathe: akaona mng'alu, manja amayabwa. Ukhale pakhonde pawo, pakhonde pa eni, kapena pakhoma la tchalitchi, sangadutse. Amabwerera kunyumba, n'kutenga beseni la mtsiro ndi nkhulungo yawo, kamwala kosalala kokulungizira dothi, n'kukautseka. Eni ake pochokera kumunda amangopeza pakhonde pakuwala, ndipo sadziwa kaya athokoze kaya akwiye.

A Zelifa anabadwira kufupi ndi Guilleme, m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekeza sitandade faifi, osati chifukwa mutu sunkagwira, koma chifukwa bambo awo ankaona kuti mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake ndiye kuti wamaliza. Ali mtsikana anagwirako ntchito kunyumba kwa aphunzitsi aakulu, komwe alendo sankatha. Kumeneko ndiko anaphunzira lamulo limene aligwira moyo wawo wonse, loti mlendo akamabwera, chong'ambika chibisidwe, chakuda chiyeretsedwe, ndipo mwana wa chimfine amutengere kuseri.

Mu 1987 a Jobson anawatenga chitengwa kubwera nawo kuno. Tsiku lachiwiri lomwe, mtengwa amene anthu ankayembekezera kuti akhala m'nyumba mwamanyazi anapezeka atagwada m'khitchini mwa apongozi, akuzira. Apongoziwo anakwiya sabata yathunthu, chifukwa ankaona ngati anenedwa uve. Sabata yachiwiri anayamba kuitana anzawo kuti adzaone.

Kuyambira pamenepo mbiri yawo inangokwerakwera. A zaumoyo akamayendera midzi kuona zimbudzi, maenje a zinyalala ndi mathandala oyanikapo mbale, pakhomo pa a Zelifa mafunso ankawathera. Anapambana katatu pa mpikisano wa ukhondo. Ulendo woyamba analandira chidebe, wachiwiri sopo, wachitatu wilibala yomwe ikuyendabe mpaka lero. Chaka chimene bungwe lina linkasankha mudzi woti liukumbire mjigo, a Zelifa anasesetsa mudzi wonse mpaka nkhuku zinasowa pofukula. Mjigo unabwera kwawo, a mudzi woyandikana nawo n'kutsala akumwa pachitsime. Choncho mayiyu ankadziwa, osati mongomva kwa anthu koma poona ndi maso, kuti akuluakulu amapereka zinthu kwa anthu osamala.

Mulungu, amene nthawi zina amaoneka kuti amakonda nthabwala, anawapatsa mwamuna wosiyana nawo pa chilichonse. A Jobson ndi munthu woti nsapato imodzi amavulira pakhonde, ina kukhola. Ali ndi jekete limene anagula ku Chipata mwana wawo Shalom asanabadwe, ndipo lero Shalom ali ndi ana awiri koma jeketelo likadali pantchito. Chuma chawo ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, Buleki ndi Simoko. Ngolo imeneyo yanyamula njerwa, mabelo a fodya, matumba a mtedza, amayi oyembekezera, ngakhale kwaya yonse ya kutchalitchi. Msika, chigayo ndi msewu wa tala zonse zili tsidya lina la mtsinje wa Chimwang'ombe, motero a Jobson ankadutsa pa mlatho kawiri kapena kanayi pa tsiku, akuimba mokweza nyimbo zimene mawu ake sawadziwa.

Mlatho umenewo ndiwo unkawadetsa nkhawa a Zelifa. Ndi wa simenti, wa zipilala ziwiri, ndipo unamangidwa kale, m'masiku amene galimoto yolemera kwambiri inali lole ya feteleza. Masiku ano pankadutsa mathiraki a mavenda odzaza soya ndi chimanga mpaka matayala kufwamphuka, ndi ena ochokera kumalire amene pa zifukwa zawo sakonda msewu waukulu. Anthu onse ankaudziwa mlathowo pamwamba. A Zelifa ankaudziwa kunsi, chifukwa mwala wawo wochapira uli pamthunzi wa chipilala cha kumadzulo. Pa chipilala chimenecho panali mng'alu. Atauona koyamba munkangolowa chikhadabo. Patapita zaka munayamba kulowa chala, kenako dzanja lonse, ndipo m'kati munkaoneka zitsulo zofiira ndi dzimbiri. Patsinde pake madzi osefukira anakumba dzenje loti mbuzi n'kubisalamo.

Pa ming'alu yonse ya m'deralo, umenewu wokha ndiwo a Zelifa anali asanaukhudzepo. Mlatho ndi katundu wa boma, ndipo katundu wa boma munthu sangomugwiragwira. Komanso mng'aluwo unkawaopsa. Ankaopa chinthu chimodzi, ndipo ankachinena poyera: kuti tsiku lina chipilala chija chidzagwada a Jobson ali pamwamba ndi ng'ombe zawo.

"Bambo a Shalom, mudzatsikeko tsiku lina mudzaone kunsi kuja," ankatero.

"Ndikaonenji kunsi? Ine ndine nsomba?" ankayankha a Jobson. "Mathiraki a matayala sikisitini akudutsa, ndiye mlatho ugwe ndi Buleki? Inu amake Shalom, mukasowa mng'alu panyumba mumakaufuna kumtsinje."

Sikuti boma linali litauiwaliratu mlathowo. Linalemba kampani ina yoti iziyendera milatho ya m'chigawo chino zaka zitatu zilizonse, n'kumalemba lipoti. A kampaniwo ankabweradi, pa galimoto yoyera. Mmodzi ankatsika, kuima pakati pa mlatho, kudumpha kawiri ngati akuyesa matilesi, kujambula chithunzi, kugula chimanga chowotcha, basi ulendo. Kunsi sankatsikako, poti kuli matope ndipo nsapato zawo zinali zapolishi. Lipoti lililonse linkati mlatho wa Chimwang'ombe uli bwino.

A Wilson, wapampando wa komiti ya chitukuko, anali atalemba makalata anayi odandaula. Bamboyu ndi mphunzitsi wopuma, ndipo kalata akamalemba amavala tayi. Mu Okutobala chaka chatha yankho linabwera, ndipo anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anavala magalasi, anatsokomola, n'kuwerenga kuti boma likutumiza injiniya wake Lachinayi likubwerali kudzaona mlatho, komanso kudzatsimikiza ngati a kampani aja akhala akugwira ntchito yawo molongosoka.

Mawu omalizawo anthu sanawamvetsere n'komwe. Chimene chinalowa m'makutu mwawo n'chakuti kukubwera alendo, ndipo nkhani ya alendo kuno ili ndi mwini wake. A Zelifa anaimirira, n'kumanga chitenje.

"Anthuni, mlatho uja mmene ulilimu, ndi woonetsa mlendo? Udzu mbali zonse, mapepala a shuga, ana alembalemba zamwano ndi makala. Akadzaona zimenezo adzati anthu awa ndi auve, tikawapatsa watsopano adzauwononganso. Akaupereka kwina! Mwaiwala mmene tinapezera mjigo?"

Anthu anaomba m'manja. Esitele, mnzawo wa a Zelifa wochapa naye limodzi, anafunsa kuti nanga mng'alu uja achita nawo bwanji. A Wilson anaganiza pang'ono, n'kuweruza monga munthu wophunzira.

"Mng'aluwo ndiutchula ine m'mawu olandirira alendo. Kutchula n'kokwanira. Palibe chifukwa choti mlendo wolemekezeka aone chinthu chochititsa manyazi ndi maso ake."

Pabwalo ponsepo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika, ndipo musawaseke, chifukwa inunso mukanakhalapo mukanaomba nawo m'manja.

Ntchito inatenga masiku atatu. Amuna anatchetcha udzu, anandandalika miyala m'mbali mwa msewu, n'kupaka laimu mlatho wonse, pamwamba ndi kunsi komwe. Koma chipilala cha kumadzulo a Zelifa sanalole munthu kuchiyandikira. Tsopano anali ndi chilolezo cha komiti, ndipo manja amene anayabwa zaka khumi ndi ziwiri anapeza pokanda. Anayamba ndi kudzaza mng'aluwo ndi zidutswa za njerwa. Kenako anasakaniza dothi la pachulu, mchenga wosefa ndi phulusa, n'kuyesa pa mwala kuti aone ngati likauma lifanana ndi simenti. Loyamba linada kwambiri, lachiwiri linayera, lachitatu ndilo linakhoza. Anamata, anakulungiza, anadikira kuti liume, anamatanso. Ataona kuti simenti yakaleyo ili ndi timizere ta matabwa amene omanga anaumbira chipilalacho, anatenga kathabwa n'kudinda timizere tomweto pa dothi lawo. Dzenje la patsinde analidzaza ndi miyala, kuthirapo mchenga, n'kusesa. Pomaliza anapaka laimu kawiri.

Lachitatu madzulo anaitana Esitele kuti aloze pamene panali mng'alu. Esitele anayang'ana, anapapasa, n'kuloza polakwika. A Zelifa anaseka mpaka misozi. Kunena zoona, pa ntchito zonse zimene manja awo anagwirapo, imeneyi inali yoposa, ndipo iwo ankadziwa.

Lachinayi cha m'ma naini koloko anthu anali atadzaza mbali zonse za mtsinje. Mlatho unali mbee, woti munthu kuuyang'ana padzuwa mpaka kutsinzina. Panali mipando, tebulo lofunda nsalu, ndi amayi a kwaya atavala zitenje zofanana. A Jobson okha ndiwo panalibe. Anati iwo sangasiye kunyamula njerwa chifukwa cha munthu wodzaona simenti.

Anthu ankayembekezera mdipiti wa magalimoto, koma inangobwera imodzi, ya fumbi. Munatuluka mayi wa zaka za m'ma sate, atavala majombo ndi chipewa cholimba chachikasu, m'manja muli kanyundo, tepi yoyezera ndi faelo. Anati dzina lake ndi Sheila. Anaima, anayang'ana mlatho woyerawo nthawi yaitali, n'kupuma mpweya waukulu umene a Zelifa anaumva ngati wa munthu wogoma.

A Wilson anawerenga mawu awo a masamba atatu, ndipo mng'alu anautchuladi, patsamba lachitatu, pakati pa nkhani ya mabuku a kusukulu ndi yothokoza. Atangomaliza, a Sheila anachita chinthu chimene mlendo wa mlatho anali asanachitepo: anatsetsereka kunsi. Anthu onse anatsetsereka nawo.

Anayamba ndi chipilala cha kum'mawa, kugogoda ndi kanyundo kaja, kutchera khutu, kulemba. Anayang'ana kudenga, anayeza apa ndi apo. Kenako anafika pa chipilala cha kumadzulo. A Zelifa anasendera pafupi. Kanyundo kanagunda kumanzere kwa dothi lawo, simenti n'kulira bwinobwino. Kanagundanso kumanja, patali ngati chikhatho chimodzi, n'kuliranso bwinobwino. A Sheila anasisita chipilalacho ndi dzanja, anayang'ana laimu amene anawamatirira ku zala, n'kupitirira. A Zelifa anatsinya Esitele pambali mwachimwemwe. Injiniya wa boma, wophunzira mpaka ku yunivesite, walephera kuona dothi la mayi wa sitandade faifi!

Atakwera kumtunda, a Sheila anakana mpando, n'kutsamira galimoto.

"Bambo wapampando, ndikuuzeni mmene zilili. Makalata anu akuti pali mng'alu woopsa. Malipoti a kampani akuti palibe. Ine anditumiza kudzaona kuti akunena zoona ndani. Laimu mwapakayu wandivutitsa kwambiri, koma ndayesetsa, ndipo mng'alu sindikuuona."

"Zikomo kwambiri, madamu," anatero a Wilson akumwetulira. "Kuno timasamala zinthu za boma. Ndiye watsopanoyo tiyembekezere liti?"

"Watsopano uti?" anadabwa a Sheila. "Milatho yodwala ndi yambiri, bambo. Timayamba ndi yodwalitsitsa. Wanuwu, mmene ndauoneramu, upita kumapeto kwa mzere. Ndilemba kuti a kampani ananena zoona, ndipo odzauonanso adzabwera zikatha zaka zitatu."

Kumwetulira kwa a Wilson kunatsala pankhope kopanda mwini.

"Koma madamu, mng'alu ulipo! Ndinautchula patsamba lachitatu."

"Ine sindilemba zotchula, ndimalemba zoona ndi maso. Uli pati? Ndilozereni."

Ndiye munthu akanaona chipwirikiti! A Wilson anathamangira kunsi, tayi ili paphewa, amuna ena pambuyo. Anazungulira chipilala, kupapasa ngati anthu ofuna chitseko mumdima. Wina analoza apa, a Sheila anagogoda, simenti yeniyeni. Wina analoza apo, chimodzimodzi. Esitele anati mwina chinali chipilala chinacho. A Sheila anayang'ana wotchi yawo. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo zinkaonekeratu kuti ayamba kuganiza kuti anthuwa anapeka nkhani kuti apeze mlatho watsopano.

"Pepani, ndili ndi milatho ina sikisi lero, mpaka ku Chiosya," anatero, n'kuyamba kukwera kupita ku galimoto.

A Zelifa anali atatsala kumtunda. Palibe amene anawatchula dzina, chifukwa aliyense ankaopa kuti akanena kuti mng'alu unamatidwa dala, mayiyu amutengera ku polisi pa mlandu wonamiza boma. Iwo eni ankaopa zomwezo. Komanso, tinene zoona, panali manyazi. Munthu amene dera lonse limamutcha katswiri wolandira alendo aimirire pamaso pa mlendo ndi kwaya yomwe, n'kunena kuti wachita zopusa? Ndiponso aphwanye ndi manja ake ntchito yokongola kuposa zonse zimene anagwirapo? Anayang'ana pansi. A Sheila anawadutsa, n'kutsegula chitseko cha galimoto.

Nthawi yomweyo kumtunda kwa msewu kunamveka nyimbo yopanda mawu enieni, ndi kulira kwa magudumu osowa girisi. Ngolo inatulukira pa gulaye itasenza njerwa mpaka pamwamba, Buleki ndi Simoko akukoka makosi ali pansi, a Jobson atakhala pamwamba pa njerwazo ndi jekete lawo lija. Ankalunjika pa mlatho, monga anachitira dzulo, monga akanachitira mawa ndi mkuja, kwa zaka zina zitatu.

"Madamu!" anakuwa a Zelifa. "Tsekani chitseko icho, bwerani kuno!"

Anatsomphola khasu m'manja mwa bambo wina, n'kutsetsereka kunsi liwiro loti simungaganize kuti ndi agogo a ana awiri. Anakankha a Wilson pambali. Sanafunefune. Anakweza khasu n'kutema pakati penipeni pa chipilala, ndipo m'malo mwa kulira kwa simenti kunamveka kuti phu! Chibuma cha dothi chinagwa. Anatemanso, ndipo zidutswa za njerwa zinayamba kukhuthuka. Anataya khasu n'kuyamba kufukula ndi manja, kuchokera m'mwamba mpaka pansi, akulira ndi ukali, timizere tawo tokongola tija tikugwera m'matope. Atamaliza anatembenukira patsinde, n'kuyamba kutaya miyala ya m'dzenje lija.

Pamene a Sheila ankafika, mng'alu unali yasa, wakuda pakati pa laimu woyera. A Sheila anauyang'anitsitsa. Analowetsa dzanja, linalowa mpaka m'chigongono, ndipo potulutsa munali zinyenyeswa za dzimbiri. Anagwada n'kusuzumira m'dzenje. Kenako anaimirira msangamsanga, n'kukuwira dalaivala wawo kumtunda kuti aimitse ngolo ija isakwere pa mlatho.

Anayeza, anajambula, analemba masamba awiri, anaimba foni katatu. Anthu ankangodikira kuti amve za polisi. Pomaliza a Sheila anatola chibuma chimodzi, anachitembenuza, n'kuchifinya ndi zala.

"Wamata apa ndani?"

"Ndine, madamu," anatero a Zelifa, manja ali kumbuyo. "Zelifa. A komiti musawagwire, ndinawauza ndine."

"Simenti yake munaitenga kuti?"

"Si simenti. Ndi dothi la pachulu, mchenga ndi phulusa."

"Nanga timizereti?"

"Ndinadinda ndi thabwa."

A Sheila anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi pa mwala wochapira, chipewa chili m'manja, ndipo anthu ataona kuti mlendo akuseka, nawonso anamasuka, chikhakhali chinamveka mpaka kumsika.

"Amayi, ndagwira ntchito imeneyi zaka khumi, ndipo lero ndikanasaina bodza chifukwa cha inu. Tandiuzani, mukamapita kuchipatala ndi chilonda, mumachiphimba ndi chitenje chatsopano kuti adokotala asangalale?"

"Ayi, madamu. Koma ndimayamba ndasamba."

"Kusamba sambani, koma chilondacho muziwaonetsa. Akabwera a ukhondo, sesani. Tikabwera ife a milatho, tisiyireni nyansi zonse mmene zilili. Ife chakudya chathu n'chimenecho."

Kenako anaimirira n'kulengeza kuti kuyambira tsiku lomwelo pa mlatho pazidutsa oyenda pansi, njinga ndi njinga zamoto basi. Mathiraki ndi ngolo ziziwolokera kumunsi, pamene mtsinje uli wosaya, ndipo ofesi yawo itumiza makina kudzasalaza njira imeneyo. Mlatho wa Chimwang'ombe aulemba pamwamba pa mzere, ndipo a kampani aja akafotokoza ku likulu kuti mng'alu wolowa mkono ankauphonya bwanji. Amayi a kwaya analulutira. A Wilson anakonza tayi, n'kuuza oyandikana nawo kuti iwo anali ataona kale kuti kumata kuja kunali kulakwitsa.

Zimene a Sheila analonjeza zinachitikadi. Mvula isanayambe kunabwera anthu kudzachirikiza chipilalacho ndi zitsulo, ndipo chilimwe chino akumanga china. Koma zimenezo ndi za pambuyo pake.

Tsiku lomwelo, galimoto itapita ndipo anthu atabalalika, a Zelifa anatsala kunsi akutola zidutswa za njerwa, chifukwa ngakhale zinthu zitavuta chotani iwo sangasiye malo ali mbwee. Anamva munthu akutsetsereka, akudandaula. Anali a Jobson, amene anali atawolotsa ngolo kumunsi movutikira, ndipo thalauza lawo linali lonyowa mpaka m'mawondo.

"Amake Shalom, mwaona zimene mwachita? Njira ya mphindi ziwiri yasanduka ya ola lathunthu. Simoko watsala pang'ono kuthyoka mwendo. Anthu akuti ndinu mwatseketsa mlatho. Kodi kamng'alu kanu kaja..."

Sanamalize. Anali atafika pa chipilala. Pa zaka zonse zimene anadutsa pamwamba, aka kanali koyamba kuima kunsi kwake. Anayang'ana mng'aluwo kuyambira pansi mpaka kudenga. Analowetsa dzanja monga anachitira a Sheila, n'kulitulutsa msanga ngati agwira moto. Pamwamba panadutsa njinga yamoto yonyamula thumba limodzi la chimanga, ndipo kamchenga kanathothoka m'mng'alumo n'kugwera pa jekete lawo. Anavula chipewa, n'kukhala pansi pa mwala wochapira.

"Zakhala chonchi kuyambira liti?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Dzanja linayamba kulowa chaka chimene Shalom anakwatiwa."

"Ndipo inu mumachapa pompano?"

"Mwala wanga ndi umene mwakhalirawo."

"Ndiye ine ndikamadutsa pamwambapa ndi njerwa, ndikuimba, inu muli pansi pano, mumathawira kuti?"

A Zelifa anapitiriza kutola njerwa, osawayang'ana. Manyazi amene anawagwira tsopano anali oposa a m'mawa aja.

"Sindithawa. Ndikangomva nyimbo yanu ija ndimasiya zochapa, n'kugwira chipilalachi ndi manja onse awiri mpaka mutawoloka."

"Inu? Kugwira mlatho?"

"Nanga ndikanatani? Munkakana kutsika."

A Jobson anatsegula pakamwa kuti aseke, monga amachitira nthawi zonse, koma kuseka sikunabwere. Anayang'ana manja a akazi awo, aafupi, ong'alukang'aluka ndi laimu, ndipo anapukuta m'maso ndi chipewa. Kenako anagwada m'matopemo, n'kuyamba kuwathandiza kutola njerwa.